Chala cha Obrad

Obrad anali atagwetsa kale ndi zipolopolo mbale zisanu ndi imodzi zachitsulo. Ankathamangira pawindo lomaliza, mfuti yake yam'manja italoza kutsogolo, pamene mawu anamveka kumbuyo kwake.

"Imani!"

Bwalo lonse la mpikisano wowombera mfuti, m'chigwa chakale chokumbamo miyala kunja kwa tauni ya Valjevo, linacheuka. Wofuulayo anali Radojka, woyimbira wa malaya ofiira, mayi wotsimphina mwendo wakumanzere.

"Chotsani zipolopolo. Ndionetseni kuti mulibe kanthu. Bwezerani m'chimake," anatero. "Mumathamanga chala chili pa kachitsulo kowombera. Mwatuluka mu mpikisano."

Lamuloli ngakhale wobwera dzulo amalidziwa: ukamayenda kapena kusintha zipolopolo, chala chigone chowongoka pambali pa mfuti. Koma abale, Obrad! Munthu wa zaka makumi asanu ndi zinayi, maso atayamba kale kumuthawa. Wopambana tsikulo ankalowa m'timu ya dziko, ndipo iye ndiye ankatsogola. Chaka china analibe.

Milutin, wapampando wa kalabu, anasiya kankhumba ka chikondwerero kamene ankatembenuza pamoto. Anafika ali wefuwefu, mafuta kukamwa.

"Radojka, wapenga? Masitepe awiri okha! Mfuti sinalire, palibe wavulala. Waona ndani?"

"Ndaona ine."

"Ndinakuika pano dala. Ndimati mwa anthu onse, iweyo ndiye ungamumvere chisoni."

"Ndiye munalakwitsa poika, a Milutin."

Alendo a makalabu akutali anayamba kugwedezana. Nkhani yakale ija anaimvera m'mphepo. Zaka makumi awiri zapitazo, pabwalo lomweli, Obrad anaterereka pamiyala chala chili pamalo omwewo. Chipolopolo chinakathera m'ntchafu ya Radojka, amene nthawi imeneyo panalibe mkazi womuposa pakuwombera. Sanathamangenso.

"Wamupezerera," ananong'ona mlendo wina. "Zaka zonsezi amangodikira tsiku lake."

Radojka anamva, koma sanacheuke n'komwe. Anatulutsa pepala la zotsatira ndi cholembera.

"Ukalemba zimenezo, malaya ofiirawo uvula lero lomwe," anaopseza Milutin.

"Ndivula. Koma ndiyambe ndasaina."

Anasaina, zilembo zikuluzikulu zoti ndi wakhungu yemwe awerenge.

"Chipolopolo sichifunsa kuti masitepe anali angati," anatero mokweza, kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Akadzabwerezanso ndidzamutulutsanso, ngakhale abwere ndi nduna."

Obrad sanatsutse. Anasaina pansi pa dzina la Radojka, kenako anakakhala pabenchi, nkhope m'manja. Zinali zomvetsa chisoni, bambo wamkulu kulira pagulu chotero. Ena anamusisita paphewa, ena anamuyang'ana Radojka ndi diso loti bwenzi atafa.

Radojka anavula malaya ofiira aja n'kutsala ndi juzi yake yakale. Anawapinda bwinobwino, n'kumuikira Milutin m'manja a mafuta omwewo. Kenako anatsimphina kulunjika pabenchi paja. Alendo anasendera pafupi kuti amve chipongwe chomaliza.

Radojka anakoleka chikwama cha mfuti cha Obrad paphewa pake, n'kumupisa m'thumba kutulutsa makiyi a galimoto.

"Nyamukani, bambo a Tijana, mukakwiyire kunyumba," anatero. "Mwendo wanditsalirawu ndikuufuna. Ndidzavinire pa ukwati wa mwana wathu."