Moto m'Dzanja la a Mwavi

"Musandibisire, adokotala, mudulira pati?" anafunsa a Mwavi atatambasula mkono patebulo.

Panali patatha miyezi itatu chidzitemereni ndi chikwanje podula mitengo ya chigafa choyanikamo fodya kwawo ku Chulu. Kuchipatala anawasoka ndipo bala linapola, koma zala ziwiri zinangokhala dzanzi. Tsopano m'dzanjamo munkayenda moto ngati mwalowa linthumbu, ndipo iwo anali atatsimikiza mumtima kuti dzanjalo likuwola.

Dokotala anagogoda ndi chala m'munsi mwa chipsera. A Mwavi anadzidzimuka.

"Palibe chodula apa, bambo," anatero dokotalayo. "Mtsempha womvera kukhudza ukaduka, timaselo tomwe timaukuta timasintha ntchito. Timayamba kudya mbali yakufayo, n'kuitana asilikali a m'thupi kuti adzathandize kusesa. Njira ikayera, mtsempha umaphukanso n'kumalondola momwemo pang'onopang'ono. Moto mukumvawo ndiye kuti wafika apa."

A Mwavi anapumira m'mwamba, misozi ili lengelenge.

Akazi awo, a Idah, amene chiyambire kuthyola ankasoka okha fodya wa munda wonse, anasendeza mpando kufupi.

"Ndiye kuti singano ya fodya akhoza kugwira?"

"Akhoza, mayi. Bola azisamala asadzibaye. Zala zimafuna ntchito kuti zisaume, ayambe ngakhale mawa."

A Mwavi analiyang'ana dzanja lija kwa kanthawi, akuganiza za masamba a fodya amene anali atapsa m'munda monse, onse ofunika kusoka. Kenaka analibwezera patebulo.

"Adokotala, taonaninso bwinobwino."