Dzina Langa Lapita ndi Azakhali

Mayi ankatembenuza zojambula za azakhali kuti ziyang'ane kukhoma, ine ndili chigwirire mwala umene ankaperapo dothi lawo lojambulira.

"Bweretsa kuno, Kumanjayi," anatero Mayi.

Ndinacheuka kuti ndione amene akuitanidwa. Kunalibe wina. Kani ndi ine! Kwathu Kumanjayi ndi dzina loitanira munthu wofanana dzina ndi malemu. Azakhali ndi ine dzina linali limodzi, ndiye poti la malemu satchula, langanso lapita nawo.

"Mwala womwewu, Mayi? Chithunzi cha chitsime cha makolo athu chija tangochiyamba m'mphepete. Azakhali anati Loweruka andionetsa kajambulidwe ka pakati pake."

"Za malemu sizitsala m'nyumba. Ukudziwa iwe."

Sharelle, msuweni wanga, amene timadya naye miseche mpaka nsagwada kuwawa, anaima pakhomo atanyamula masamba ofukizira nyumba. Anatsegula pakamwa kuti andikuwire ngati masiku onse, kenako n'kudziluma mlomo.

"Iwe uje," anatero, misozi ili mbwembwembwe, "tuluka, akuyatsa."

Mwalawo ndinapereka. Manja anga anatsala ali psuu ndi dothi lija, ndipo ndinawabisa m'khwapa kuti Mayi asandiuze kuti ndikasambe.