Madzi Achikasu M'khola la Nkhuku

Panali mayi wina amene ankaweta nkhuku kuseri kwa nyumba yake, moti anthu ankangomutchula kuti Mayi a Mazira. Mwamuna wake anali kalipentala, munthu wanthabwala amene sankatha tsiku osaseketsa anthu.

Chaka china nkhuku zinayamba kutsegula m'mimba. Wogulitsa m'sitolo ya zaulimi anamupatsa mankhwala a ufa wachikasu othira m'madzi, ndipo zinachira. Kuyambira pamenepo ankathira tsiku lililonse, kaya zikudwala kaya ayi. Ufawo ukatha, ankatsegula makapisozi a anthu otsala m'nyumba.

Mng'ono wake, yemwe anali mlangizi wa ziweto, anabwera kudzacheza n'kuona madziwo.

"Achemwali, zikudwala chiyani nkhukuzi?"

"Sizikudwala. Ndikuthira kuti zisadwale."

"Chonde siyani. Mukamathira tsiku ndi tsiku, tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. Kenako timapatsira tinzake mphamvu yokana mankhwalayo, ngakhale tizilombo todwalitsa anthu. Timadutsira m'zitosi, m'manja, m'madzi."

"Iwe sukulu inakupweteka," anatero mkulu wakeyo akuseka. "Nkhuku ndi munthu chibale chake chili pati?"

Kalipentala naye anaikapo yake: "Alamu, nkhuku za mkazi wanga zimasamalidwa kuposa ine. Mawa ndikagona m'khola momwemo!"

Mlangiziyo anapempha kuti bola azivala majombo pochotsa zitosi. Palibe anamumvera.

Panadutsa zaka ziwiri. Loweruka lina kalipentala akupala zitosi m'khola, lata linamucheka pamsongolo. Kanali kabala kakang'ono. Anangomangapo kansalu n'kupitiriza ntchito. Patatha masiku atatu mwendo unatupa, thupi lili juu kutentha.

Kuchipatala anamupatsa mapilitsi, osasintha. Anamugoneka n'kuyamba jakisoni, osasintha. Anasintha mankhwala kachitatu, balalo likungonyeka. Atayeza mafinya, dokotala anaitanira mayi uja pakhonde.

"Mayi, tizilombo tili m'bala la bambowa tikukana pafupifupi mankhwala onse amene tili nawo. Kunyumba mumaweta chiyani?"

"Nkhuku."

"Mumazipatsa mankhwala?"

"Tsiku lililonse, adokotala."

"Sindinganene motsimikiza kuti tachokera m'kholamo," dokotala anayankha motsitsa mawu, "koma zotere tikuziona kawirikawiri kwa oweta ziweto. Patsala mtundu umodzi wa mankhwala. Tauitanitsa, koma ukuchokera kutali."

Mankhwalawo asanafike, anadula mwendo kuti apulumutse moyo. Atatsitsimuka, kalipentala anaona mkazi wake atagwada pambali pa bedi, misozi ili chuchuchu.

"Bambo a mwana, ndakuphani ndine. Mundikhululukire."

"Aa, mayi a mwana, khola tinkalowamo tonse. Usalire. Kalipentala si ndine? Mwendo ndisema wanga, wa mbawa, wopaka vanishi."

Anayesa kuseka, koma mpweya unali wochepa. Tizilombo tinali titalowa kale m'magazi. Patatha masiku awiri, m'mawa, mkazi wake akumupukuta kumaso, anangoona maso atembenuka. Mankhwala aja anafika madzulo a tsiku lomwelo.

Pamaliro mng'ono wa mayiyo sananene mawu ngakhale amodzi omudzudzula. Anangomukumbatira, onse awiri n'kulira mpaka mawu kusasa.

Patapita milungu itatu, bambo wina wochokera kutali anaodira pakhomo. Sanamve za zovutazo.

"Zikomo mayi, amisiri alipo? Ndadzatenga chitseko changa."

Mayiyo anamutsogolera kushedi imene mwamuna wake ankagwiriramo ntchito. Chitseko chinali pabenchi, chopalidwa mbali imodzi yokha, pensulo ili pomwepo pamene anaisiya. Mayiyo anangokhala pansi, pautuchi, n'kuphimba kumaso. Mlendoyo anavula chipewa.

Phunziro: Mankhwala ophera tizilombo si chakudya cha ziweto. Perekani pokhapokha chiweto chikadwala, motsatira malangizo a alangizi, ndipo a anthu musapatse nkhuku, nkhumba kapena ng'ombe. Valani majombo m'khola, sambani m'manja ndi sopo, ndipo bala musalichedwetse kuchipatala. Tikawononga mphamvu ya mankhwala m'khola, tidzawasowa tsiku limene wokondedwa wathu ali pabedi. Tumizirani m'bale kapena mnzanu woweta ziweto lero lomwe, asadzalire ngati mayi ameneyu.