Maluwa a Kuseri kwa Chipilala cha Mizinga

Basilisa ankayanika diresi lake lamaluwa pamene Fermín, wophika buledi, anasuzumira pampanda.

"Mayi Basilisa, siyani zimenezo. Lero tikugwetsa chipilala. Mnzanu uja wafika kale kumtunda."

"Mnzanga ndani? Samala pakamwa, iwe."

Basilisa anakwera phiri akupemphera chamumtima, mwala uli m'thumba la epuloni.

Chipilalacho chinali cholemekeza asilikali a mizinga amene anaphwasula mudziwo pankhondo yapachiweniweni. Mzinga wa pamwamba pake unkalozabe madenga awo. Mpaka pamene wolamulira wankhanza wa dzikolo anamwalira, palibe ankayandikirapo kupatula Casilda. Lamlungu lililonse ankapita ndi maluwa n'kukawaika kuseri, osati kumaso kumene kunali mayina. Anthu ankati ndi manyazi: anali ndi chibwenzi pakati pa akupha aja.

Basilisa ankadana naye kuposa onse. Sabata imene mizinga inalira, mwamuna wake Eulogio anasowa, ndipo apolisi anati wathawira ku Falansa. Anamusiya ndi pakati, atavala malaya amene Basilisa anasokerapo mabatani obiriwira ochotsa pabulauzi yake. Iye analumbira kuti wothawa saliridwa. Tsiku lina Casilda anamubweretsera nsalu yakuda ya amasiye, osanena kanthu. Basilisa anaiona ngati chipongwe, naiponya m'ngalande. Zaka makumi anayi sanapatsanenso moni.

Kumtunda amuna anali atazungulira chipilalacho ndi mapiki ndi zingwe. Casilda anaima kuseri kwa chipilala, manja atatambasula.

"Chokanipo agogo, mungavulale," anatero Fermín. "Abwenzi anuwo sadzukanso."

"Gwetserani uko. Kuno ayi."

Amuna anang'ung'udza n'kusendera pafupi. Basilisa anafumbata mwala uja.

Casilda anagwada pamaluwa ofota, nayamba kufukula dothi ndi zala. "Ndithandize mwanawe, koma pang'onopang'ono."

Fermín anazengereza, kenako anatenga fosholo. Dzenje litafika m'maondo, panatuluka nsapato. Kenako nthiti.

"Ndinaona zonse ndikudyetsa mbuzi," anatero Casilda. "Asilikali aja anati ndikatsegula pakamwa, ana anga alowa dzenje lomweli."

Anatola kanthu pakati pa nthitizo, nakapukuta ndi malovu, n'kukaika m'dzanja la Basilisa. Linali batani lobiriwira.

Mwala uja unagwa pansi. Basilisa anagwada pamphepete pa dzenje, nalankhula aliyense akumva.

"Eulogio, mwamuna wanga, ndikhululukireni. Nanunso achemwali, ndikhululukireni."