Katochi Kosaponya Patali

Wogulitsa anatseka chitseko cha chipinda cha katundu kuti mude, nayatsa tochi yaikulu yotchaja. Kuwala kunalasa khoma.

"Yeniyeni ndi iyi, mayi. Khoswe ali kudenga mumuwerenga ndevu."

Mayiyo sanayang'ane n'komwe. Maso anali pa dzanja lamanja la mwamuna wake, lomwe linali lisanagwire kanthu chidwalireni sitiroko. Linkapapasa katochi kena pashelefu. Chala chinanjenjemera, chinaterereka, chinabwereranso pabatani.

Pansi panangoti ngwee, nsapato zawo n'kuonekera.

"Abambo, mwayatsa nokha?" anafunsa mkazi wake.

Bamboyo anazimitsa, nayatsanso, akuseka ngati mwana.

"Kameneko sikaponya patali," anachenjeza wogulitsa.

"Tikulungireni komweko," anatero mayiyo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Kutaliko tidzafikako."