Anakweza Kuwala Kuti Amayi Ake Aone

Panali munthu wina, ndipo amene anandiuza akulumbira kuti zinachitikadi, yemwe ankafufuza za kuwala mu labotale ya pa yunivesite. Amayi ake ankauza aliyense kuti mwana wawo ndi wa magetsi, moti akapita kukawaona ankapeza mawailesi akufa a anthu akumudikirira.

Komatu ntchito yake inali ina. Ankaboola timabowo tosaoneka ndi maso pa kachidutswa kopyapyala kuposa tsitsi, n'kusiya pakati kamalo kosaboola kotsekeramo kuwala. M'kamalomo mumayenera kukhala kadontho kakang'onong'ono kamene amati ka kwantamu. Kakakhala pakati penipeni, kadonthoko ndi kuwala zimayamba kupatsirana mphamvu, uyu kupatsa uyu, ndipo mzere umodzi wa pa kompyuta umagawika pawiri. Zaka zitatu zathunthu, tizidutswa mazanamazana, mzere unkangokhala umodzi. Kenaka kachidutswa kamodzi kokha kanalola, mizere inaoneka iwiri. Munthu wamkulu ndevu pepeya analira ngati mwana.

A pulofesa, mayi amene ankamuyang'anira, anamata kapepala pa chotembenuzira mphamvu ya leza, makina owalitsira kadonthoko.

"Achimwene, osapitirira apa," anatero. "Mizere ikamaoneka mwa chizimezime, dikirani, imabwera yokha. Mukakweza muwotcha. Tiyeza mokwanira Lolemba, ndiye tilembe."

"Ndamva, a pulofesa."

Lachisanu masana amayi ake anabwera kudzamuona, koyamba chiyambireni ntchito. Mkuluyu chimwemwe chinamukulira. Anawaveka magalasi otetezera maso, n'kuwakhazika pa mpando wake kutsogolo kwa kompyuta.

"Amayi, taonani apa. Mizere iwiri iyi ndi imene yandidyera zaka zitatu."

Amayi anasendera pafupi. "Ili pati, mwana wanga?"

"Apa, pomwe ndalozapa."

"Iii, koma ine sindikuona bwino."

Mtima unamupweteka. Mayi amene anamuphunzitsa ndi mashini osokera abwerere osaona chimene anavutikira? Anati pang'ono pokha sipalakwika, n'kutembenuza kupitirira kapepala kaja.

"Nanga pano?"

"Ayi ndithu, bambo."

Anakwezanso. Mizere iwiri ija inaphatikana n'kukhala umodzi. Chifukwa cha mantha dzanja linaterereka, n'kutembenuzira kokwezera komweko. Mzere womwewo unazima. Anatsitsa, anayesanso, anadikira ola lathunthu, koma ayi, kachidutswa kanali katapsa.

Amayi anamva mwana wawo akupuma movutika. Anafufuza dzanja lake pa tebulo mpaka analigwira.

"Chawonongeka?"

"Eya, amayi. Ndinakweza kuwala kuti muone. A pulofesa anandiletsa."

Amayi anavula magalasi aja, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwana wanga, ndikhululukire. Ngakhale ukanandiyatsira dzuwa sindikanaona. Maso angawa anachita ng'ala chaka chatha. Ndinabisa kuti ndisakusokoneze pa ntchito. Iweyo lero pa geti paja ndakuzindikira ndi mawu."

Mkuluyu anagwada pansi pomwepo, n'kuyang'ana m'maso mwa amayi ake. Munalidi mwayera. Munthu wotha kupeza kadontho kosaoneka ndi maso, miyezi yonseyi osaona ng'ala m'maso mwa mayi womubereka! Apa m'pamene analira kwenikweni, ndipo sankalirira kachidutswa kaja.

A pulofesa atalowa n'kumva zonse, anayang'ana pa kompyuta pamene panali mizere paja. Zinawawawa, nawonso zaka zitatuzo zinali zawo. Kenaka anatenga makiyi a galimoto m'chikwama.

"Kachidutswa tiyambiranso, kaya zitenga zaka zingati. Za kapepala kanga tikambirana Lolemba, musaganize kuti mwapulumuka. Panopa nyamulani amayiwa, chipatala cha maso amatseka folo koloko."

Ali m'galimoto, amayi anamugwira mkono n'kunena chapansipansi, "Maso akachira ndidzabweranso. Koma ukadzaona kuti sindikuona, udzangondiuza. Ine ndimakukhulupirira."

Phunziro: Amene anakuikirani malire anawotchapo kale chawo, muziwamvera, ngakhale chokukankhani chitakhala chikondi. Inu makolo, osabisira ana matenda poti ali otanganidwa. Ndipo inu ana, musanathamangire kuonetsa makolo zimene mwakwanitsa, yambani mwawayang'anitsitsa iwowo. Tumizirani nkhaniyi m'bale wanu amene watenga nthawi asanakaone amayi ake.