Mpope Wofuna Malovu

Mpope wa m'mudzi mwathu umapereka ndowa imodzi pa munthu, ukalavulira pakagalasi kuti makina akuzindikire. Koma chiwaikireni achemwali anga a Nabengo mafuta a m'mafupa anga kuchipatala, mafutawo anaukira thupi lawo. M'kamwa mwawo munauma gwaa, mano akungofumbwa ngati chimanga.

Lachiwiri achemwali analavula katatu, kutuluka mpweya wokha.

"Popanda malovu palibe madzi, mayi," anatero mlonda Chikakuda. "Lamuloli sindinalembe ine."

Ine ndinatola mwala, koma achemwali anandigwira mkono. Anapotokola dzino lomwe linkagwedera, nalizula, magazi n'kudonthera pagalasipo. Makina analira, madzi anatuluka.

"Mawa ndibweranso, achimwene," anatero kwa mlondayo akusenza ndowa. "Mano atsala khumi ndi anayi. Akatha mudzandiuze chimene mukufuna ndizule."